Njira ya Nyemba

Katumba, 9 Febuluwale 2015

Odeta mdzukulu wanga,

Baranyikwa Eliya. Ndalemba dzina limeneli ndisanakupatse moni kuti uliyang'anitsitse, chifukwa ameneyu ndiye munthu amene anandilakwira m'chaka cha 1978, ndipo kufikira lero sindinamwepo naye madzi. Tsopano landira moni. Ine ndilipo, kungoti miyendo ikutupa. Amayi ako Yozefina ali bwino, akupalira nyemba. Kaya iwe kumeneko ku Dar es Salaam, kutentha kuja kwakuleka?

Ndalemba kalata osati kuimba foni chifukwa ndikamalankhula pa foni ndimakuwa, mudzi wonse n'kumva. Ndapatsira mayi Sipesiyoza, aja amapita ndi matumba a nyemba pa sitima.

Unakhala kuno masabata atatu mu Januwale. M'mawa uliwonse unkanyamula kamakina kako kojambula mawu, n'kumati ukukafunsa anthu za mmene ife othawa kwathu tinadzipezera chakudya m'dziko la eni. Ine ndinkanyada. Utachoka ndamva kutchalitchi kuti masiku awiri athunthu unakhala pakhonde pa Baranyikwa, ndipo anakuphera nkhuku. Ine amene unkagona m'nyumba mwanga sunandifunse ngakhale funso limodzi.

Mwina sukudziwa, pakuti pakhomo pano dzina lake sititchula. Ndiye tamvera.

Tinathawa kwathu ku Rumonge mu 1972, n'kuwoloka malire. Chaka chotsatira anatibweretsa kuno ku kampu ya Katumba, natipatsa nkhalango, khasu ndi nkhwangwa. Pofika chaka chachisanu nyemba zinkationongekera m'nkhokwe. Kutuluka m'kampu kunkafuna chilolezo, kapepala kochokera kwa mkulu wa kampu, ndipo kapepalako unkakadikira mpaka nyemba zitafumbwa. Ine ndinatsatira anthu ofula uchi, ndinapeza kanjira ka m'nkhalango kotulukira kuseri kwa tauni ya Mpanda, kosadutsa pa chipata. Ndinauza munthu mmodzi yekha, Baranyikwa, chifukwa tinawolokera limodzi malire, iye atandinyamulira amayi ako pamapewa. Chaka chathunthu tinkakankha njinga ziwiri m'njira imeneyo, thumba kumbuyo, thumba pakati.

Tsiku lina anati m'mimba mukumupotokola, ndipite ndekha. Pa kamtsinje pamene tinkapumulira ndinapeza asilikali atatu atakhala pa mwala wathu womwewo. Ndinakhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Agogo ako Marita ndinawasiya ali ndi pakati pa miyezi inayi. Nditatuluka ndinapeza nyumba yotseka, amayi ako, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, akukhala kwa anansi. Baranyikwa anandiuza atayang'ana pansi kuti Marita anamutengera ku chipatala cha m'tauni, anafera komweko pamodzi ndi mwana, ndipo anaikidwa ndi anthu a boma. Ndinapempha chilolezo, ndinapita. M'mabuku mwawo munalibe dzina lake. Kumanda munthu wolondera anandiloza milu yambirimbiri yopanda mtanda, n'kuti, "Sankhani, bambo."

Njira yanga ija ndiyo inamulemeretsa Baranyikwa. Lero ali ndi masitolo atatu ndi lole, ndipo alendo akabwera amawatengera kwa iye kuti akaone wothawa kwawo wanzeru.

Masitolo ake sindikuwafuna. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndipo sindidziwa pamene mkazi wanga anagona. Ndiuze chimodzi. M'masiku awiri aja, anamutchulapo Marita?

Ndine agogo ako, amene umati Sogokuru,
Misigaro Yeremiya

*

Dar es Salaam, 1 Malichi 2015

Sogokuru,

Moni kwa mwamuna wanga wokalamba wansanje. Nditaona za nkhuku ndinaseka, koma nditawerenga mpaka pansi kuseka kunatha. Nkhuku kunalibe. Ndinadya chinangwa chophika ndi usipa. Amene anakuuzani kutchalitchi anameretsa usipawo nthenga.

Miyendoyo mwapita nayo kuchipatala? Musandinamize, ndifunsa amayi.

Za agogo Marita sindinkadziwa. Amayi ankangoti anamwalira iwo ali aang'ono, n'kusintha nkhani. Kwa a Baranyikwa ndinapita chifukwa aliyense amene ndinamufunsa kuti malonda a nyemba anayamba bwanji ankandilozera komweko. Palibe anatchula dzina lanu, ndipo inu simunanenepo.

Kafukufuku wanga ali ndi funso limodzi. Anthu amene anafika chimanjamanja, osaloledwa kutuluka, anatha bwanji kudyetsa Mpanda ndi Tabora? Mabuku ambiri amalemba za ife ngati anthu ongoima pa mzere kudikira ufa. Ine ndinakulira pakati pa matumba a nyemba, ndikudziwa kuti si choncho. Ndinafunsa anthu makumi anayi ndi atatu. Inu ndinakulumphani chifukwa aphunzitsi ondiyang'anira salola munthu kufunsa abale ake. Akuti mdzukulu sangatsutse agogo ake. Ndinawauza kuti sanatimvepo inu ndi ine tikukangana za mchere.

Tsopano chovuta ndi ichi. Pa ntchito imeneyi, munthu asanalankhule timasainirana pepala. Ine ndimalonjeza kuti zimene wanena sindidzazipereka kwa wina aliyense pamodzi ndi dzina lake, ndipo m'buku aliyense amapatsidwa dzina lopeka. Chifukwa cha pepalalo anthu anandiuza zinthu zimene sanauzepo ngakhale ana awo. A Baranyikwa anasaina, inenso ndinasaina. Choncho funso lanu sindingaliyankhe. Sindikunena kuti inde, sindikunena kuti ayi. Ndikaphwanya lonjezo kwa mmodzi ndaliphwanya kwa onse makumi anayi ndi atatu, ndipo ena mwa iwo mumakhala nawo benchi imodzi Lamlungu.

Ndalemba ndimeyi katatu, kung'amba kawiri. Ndikudziwa kuti ikupwetekani. Inu ndi amene munkandiperekeza ku sukulu pa njinga, mukundiuza kuti ndiphunzire mpaka aphunzitsi atope. Ndiye onani zimene sukuluyo yandichititsa. Musandikwiyire, Sogokuru. Kapena ndikwiyireni, koma mundilembere.

Mkazi wanu wamng'ono,
Nibigira Odeta

*

Katumba, 29 Malichi 2015

Odeta,

Moni. Masabata asanu ndi awiri apita. Sitima ndimaimva ngati ikulira, ndikatuluka palibe. Anthu akuti njanji yavuta, koma anthu amanena zambiri.

Kukhala chete nakonso ndi yankho, ndalimva. Ine sukulu ndinalekera kalasi yachinayi, zilembo zanga n'zokhota, mwina unachita manyazi kuti anzako aona. Kapena Baranyikwa anakuuza kuti ndine nkhalamba ya nsanje imene inalephera malonda, iwe n'kukhulupirira. Amadziwa kulankhula ameneyo. Ngakhale asilikali anamukhulupirira.

Sindikudandaula. Ndangokumbukira tsiku limene unagwera m'ngalande ya fodya uli ndi zaka zinayi. Sunalire. Unandiyang'ana ndi matope m'maso n'kuti, "Sogokuru, musauze amayi." Sindinawauze mpaka lero. Ine zinsinsi zako ndinasunga.

Jekete lija unandigulira ndikuvalabe, chifukwa m'mawa kukuzizira, osati chifukwa china. Miyendo yafika potupa mpaka m'maondo. Adokotala akuti ndi mtima.

Ngati uli moyo ndi wathanzi, basi.

Misigaro Yeremiya

*

Katumba, 16 Epulo 2015

Odeta mkazi wanga,

Moni. Kalata yako ya pa 1 Malichi yafika dzulo. Madzi anakokolola njanji, Sipesiyoza anakhala pa siteshoni ya Kaliua mwezi ndi theka akugulitsa nyemba pang'onopang'ono kuti zisafumbwe, kalatayo ili m'chilundu. Yafika ikununkha utsi. Kalata yanga ya pa 29 Malichi ndinaitumiza pa basi, ndiye yakupeza kale. Uing'ambe. Inalembedwa ndi miyendo, osati ndi mutu.

Za pepala lanu lobisa maina ndawerenga kanayi. Ukuganiza kuti sindimva, koma mwina ndikumva kuposa aphunzitsi akowo. Mu 1972 ku Rumonge anthu anabwera ndi pepala. Panali maina a aphunzitsi, a makalaliki, a ana a sekondale. Ankaima pabwalo n'kumawerenga, woitanidwa n'kukwera lole. Mkulu wanga Andereya anali pa pepalalo. Ine sindinalipo chifukwa cha kalasi yachinayi ija. Kuchokera tsiku limenelo ndikaona munthu akulemba dzina la mnzake, msana umandizizira. Ndiye ngati masiku ano kuli sukulu yophunzitsa ana kubisa maina a anthu, sukulu imeneyo ndi yabwino. Lonjezo lako usaphwanye. Ndakuletsa ine.

Koma ndine wokalamba, sindine chitsiru. Akanakhala kuti sananene kanthu za Marita, ukanangoti sananene kanthu, pepala silikanakuletsa. Munthu sakhoma chitseko cha nyumba yopanda kanthu. Pali chimene ukudziwa, ndipo chikukulemera, ndaona mmene cholembera chinkabowolera pepala.

Ndiye taona mmene zakhalira. Amene anandilakwira waika katundu wake pamutu pa mdzukulu wanga, iye n'kumayenda wopepuka. Iwe sungatule, ine sindingakutule. M'buku mwako adzakhala ndi dzina latsopano loyera, ngati munthu wobatizidwa kawiri.

Sindikufunsanso. Uzidya bwino, usamangomwa tiyi. Ine ndidikira, ngakhale mtima wangawu sudziwa kudikira.

Sogokuru wako

*

Dar es Salaam, 20 Meyi 2015

Sogokuru,

Moni. Kalata yaukali ija sindinaing'ambe, muli nkhani ya ngalande ya fodya. Amayi akuti mankhwala mukumwa mwa apo ndi apo. Lekani zimenezo.

Kalata yanu yomaliza ndinapita nayo kwa aphunzitsi anga. Ndinawafotokozera osatchula maina. Anavula magalasi n'kuti, "Pepala lija limamanga iwe, silimanga mwini mawu. Mawu ndi ake. Kamufunse."

Ndinawaimbira foni a Baranyikwa katatu. Koyamba atamva nkhani yake anadula. Kachiwiri sanayankhe. Kachitatu anati, "Iwe mwana, suja unati pepala lija ndi loko?"

Ndinati, "Ndi loko, bambo, koma kiyi ali ndi inu."

"Wakutuma ndi Yeremiya?"

"Ayi. Iwo andiletsa kuphwanya lonjezo."

"Ndi yemweyo ameneyo. Kuuma mutu ngati chitsa. Akudwala?"

"Mtima. Miyendo yatupa mpaka m'maondo."

Ndinkangomva anthu akuitanitsa sopo m'sitolo. Kenako anati, "Mulembere zonse monga ndinanenera. Pakamwa panga sipangathe."

Ndiye nazi, monga zilili m'kamakina. Ine ndinangowafunsa kuti chilolezo chinkasokoneza bwanji malonda. Anayankha chonchi:

"Ukuti izi sizituluka ndi dzina langa? Ndiye khala bwino, mwana wa Yozefina. Ndakudziwa ukulowa pa chipata. Mphumi imeneyo ndi ya Marita.

"Yeremiya ndinamupereka ndine. Asilikali anandigwira ndekha sabata ya m'mbuyo mwake, n'kuti tchula amene amakutsogolera, apo ayi tikulanda munda. Ndinali ndi ana anayi. Ndinatchula. Ndinkati amumenya makofi awiri, amulande njinga, basi. Sindinadziwe za miyezi isanu ndi umodzi.

"Tsiku la Marita litafika mwana anapingasa. Azamba analephera, anati izi n'za ku tauni. Ndinathamanga kukapempha chilolezo, anati mkulu wachokapo, ubwere Lolemba. Linali Lachisanu. Ndinamukhazika pa njinga, ndinamumanga ndi nsalu kuti asagwe, n'kulowa njira ya nyemba. Sanafike. Anatsirizika titangowoloka kamtsinje kaja, dzuwa lili pamutu. Anthu ofula uchi anandibwereka khasu. Ndinamuika pansi pa mtengo wa muula, n'kuunjikapo miyala kuopa afisi.

"Pobwerera ndinaganiza. Ndikanena zoona andimanga chifukwa ndatuluka popanda chilolezo, ndipo anthu adzati wamangitsa mwamuna, mkazi wakamutaya kuthengo. Ndiye ndinati chipatala. Bodza ukalibala umalidyetsa moyo wako wonse. Chaka chilichonse mvula ikatha ndimapita kukalambula. Kunyumba amati ndakaona ming'oma ya njuchi. Ine njuchi ndimaziopa."

Zathera pamenepo. Ndakhala nazo miyezi inayi, Sogokuru, ndipo sabata yotsiriza ija ndinkakupatsani phala m'mawa ndikudziwa.

Awonjezera kuti mwana wawo angakutengeni pa lole mpaka pamene msewu umathera, ndipo iwo ajambula mapu a mtengowo. Iwo eni akuti sangathe kuonana nanu.

Chinanso. M'buku ndikufuna kulemba kuti njira ya nyemba anaipeza ndi munthu wina. Aphunzitsi alola kuti ndilembe dzina lanu lenileni ngati inu mwafuna. Mundiuze. Tikutsekera sukulu pakati pa Julaye, ndibwera.

Odeta wanu

*

Katumba, 7 Juni 2015

Odeta,

Moni mwana wanga. Kalata yafika msanga ulendo uno. Ndinaiwerenga ndekha kuseri kwa nkhokwe, kenako ndinaitana amayi ako kuchokera kumunda, ndinawawerengera. Anakhala pansi ndi khasu pamiyendo. Anati akukumbukira nsalu ija, inali yobiriwira, ndipo amayi awo ali pa njinga anawauza kuti asamale moto usazime. Zaka zonsezi sananenepo zimenezi. Tinakhala pamenepo mpaka nkhuku zinayamba kutizungulira.

Pali chimene sindinakuuze. Tsiku lija wolondera manda anati sankhani, ine ndinasankhadi. Ndinasankha mulu wina waufupi pafupi ndi mpanda, chifukwa Marita anali wamfupi. Nthawi iliyonse ndikapeza chilolezo ndinkapita kukazulapo udzu ndi kumuuza za kunyumba. Ndinamuuza za ukwati wa amayi ako, za kubadwa kwako, za tsiku limene unapita ku yunivesite. Kaya ndi ndani wagona pamenepo, koma nkhani zathu akuzidziwa bwino. Andikhululukire pomusokosa.

Usathamange kuganiza kuti ndakhululuka. Sindinakhululuke. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri munthu ameneyu ankandidutsa pa msika akudziwa, ine ndikupalira manda a mlendo. Akanandinong'oneza ngakhale kamodzi. Koma ndikagona masana ndimaonanso munthu akukankha njinga m'mchenga, mkazi wa mnzake atamangidwa kumbuyo, alibe chilolezo, akudziwa kuti asilikali amadikira pa kamtsinje. Ndi yemweyo. Ndalephera kuwalekanitsa anthu awiriwa, ndipo mutu ukundipweteka nazo.

Iwe sunalakwe. Unasunga mawu ako, ndipo unapeza khomo popanda kuthyola khoma. Phala lija linali labwino, kungoti mchere unachepa.

Za dzina langa m'buku, chita monga aphunzitsi ako akuonera. Kale ndikanalumpha ndi chimwemwe. Lero ndaona kuti njira imene ndinkanyadira ndi yomwe Marita anafera, ndiye kaya ndi ya ndani. Ulembe kuti anthu anali ndi nyemba, analinso ndi odwala, ndipo zonse zinkadikira kapepala kamodzi. Zimenezo ulembe ndi zilembo zazikulu.

Chaka chatha anatipatsa zikalata za unzika. Changa ndinachiika m'Baibulo, ndinati n'chochedwa, ndipita nacho kuti ndi miyendo iyi. Tsopano ndadziwa kopita, ndipo palibe wondifunsa pa chipata.

Baranyikwa umuuze chonchi. Mapu ake sindikuwafuna. Lole ikhoza kutinyamula, pakuti miyendo yanga yatha, koma mwana wake asanditsogolere, iye sanakwirire munthu. Sindikufuna mbuzi, sindikufuna kupepesa pamaso pa mpingo, sindimufunsa kanthu m'njira. Akaopa nkhope yanga ayende patsogolo, ine ndiziona msana wake. Miyendo yake ikakana amunyamule monga adzandinyamulire ine. Iwe ndi amayi ako mudzakhale pambali panga.

Ndisanafe ndikufuna chimodzi chokha, ndipo chichitike mu Julaye muno, chifukwa mvula ina sindikudziwa ngati ndidzaiona. Eliya mwini wake afike nane pansi pa muulawo, aloze miyalayo ndi chala chake, andiuze ndi pakamwa pake kuti, "Yeremiya, ndi pano."

Sogokuru wako,
Misigaro Yeremiya